Lipoti la wodwala: msilikali amene kulemera kwake kunabwerera fupa ndi minofu zisanachire

Lipoti ili likufotokoza za msilikali wa zaka 27 amene ndinamuthandiza ndi kumuona mobwerezabwereza kwa miyezi isanu pa chipatala chimene ndimagwirapo ntchito muno mu Mzuzu. Ndine clinical officer, ndipo ntchito yanga yambiri ndi ya odwala mafupa ndi ovulala, mothandizana ndi anzanga a mafizo. Wodwalayu anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, koma dzina lake, gulu lake la usilikali ndi malo amene anachitirako maphunziro ndazisiya dala. Iye anabwera akudandaula mwendo, koma chimene tinapeza pamapeto pake chinali thupi limene linapanikizidwa katatu m'miyezi khumi, likulandira chakudya chochepa poyerekeza ndi ntchito imene linkagwira, ndipo ulendo uliwonse linkabwezedwa ku ntchito yolemetsa sikelo ikangosonyeza kuti munthuyo wanenepanso.

Mmene anafikira kwa ife

Anabwera koyamba kumayambiriro kwa Julayi, nyengo imene m'mawa mwa Mzuzu mumakhala chifunga ndi mvula yamawawa. Ananena kuti mwendo wamanzere ukumuwawa pamsongolo kuyambira ali ku kosi imene anali atangoimaliza kumene, ndipo anapempha mankhwala amphamvu kuti abwerere kuntchito. Ndinagwira mwendowo, ndinamutumiza kukajambulitsa, ndipo X-ray sinaonetse kanthu. Ndinalemba kuti ndi kutupa kwa minofu ya m'mbali mwa fupa, ndinamupatsa mankhwala a ululu a diclofenac ndi masiku asanu opuma. Sindinamukweze pa sikelo, ndiponso sindinamufunse za kadyedwe kapena kagonedwe kake. Kumeneku kunali kulakwitsa kwanga, ndipo ndikukulemba muno chifukwa ndi kosavuta kukuchita: mnyamata wa yunifolomu, woyenda yekha, wolankhula mwamphamvu, saoneka ngati munthu wosowa zakudya m'thupi.

Patatha masiku khumi anabweranso, ulendo uno ndi mkazi wake, akutsimphina. Mkaziyo ndiye anatsegula nkhani yonse. Anati, "Adokotala, bambo akunyumbawa si mmene ndimawadziwira. Akugona ndi juzi ndi mabulangete awiri koma akudandaulabe kuzizidwa, akadya nsima safika ola limodzi asanafunenso chakudya, ndipo ana akangosokosera pang'ono akupsa mtima." Mwamunayo anangoweramitsa mutu. Nditamupempha mkaziyo kuti atidikire panja, wodwalayu anandiuzanso kuti chibwerereni ku kosi analibe chilakolako cha m'banja, ndipo zimenezi zinkamudetsa nkhawa kuposa mwendo.

Mbiri ya miyezi khumi

Kulemera kwake kwa nthawi zonse kunali makilogalamu 70, ndipo ndi wamtali mamita 1.74. Mu Seputembala ndi Okutobala wa chaka chapitacho, dzuwa likuswa mtengo, anachita maphunziro a m'tchire a masabata asanu ndi limodzi, akuguba mitunda italiitali ndi katundu kumsana. Anabwerako ali ndi makilogalamu 64. Anapuma masabata atatu, anadya kwambiri monga amachitira aliyense wochoka ku njala, ndipo sikelo inafika pa 69. Iye mwini, mkazi wake ndi anzake onse anaona kuti wachira. Mu Disembala anatumizidwa ku ntchito yolondera kutali ndi kwawo, kumene anakhala mpaka Malichi. Kumeneko anadwala malungo kawiri, nalandira LA maulendo onse awiri, ndipo anatsegulanso m'mimba kwa masiku angapo. Anabwerera ali ndi makilogalamu 66. Tchuthi cha masabata awiri chimene anapatsidwa mu Epulo anachithera kumudzi akukolola ndi kusenza matumba a chimanga a mayi ake, moti ngakhale pa pepala panalembedwa kuti wapuma, thupi lake silinapume.

Mu Meyi analowa kosi ya masabata asanu ndi atatu yomuyenereza kukwezedwa pa udindo. Malinga ndi kufotokoza kwake, masiku ambiri ankagona maola atatu kapena anayi, ankasenza katundu wa makilogalamu pakati pa 25 ndi 30, ndipo akakhala m'tchire nthawi zambiri ankadya kamodzi patsiku. Mbali ina ya njalayi imakhala yadala, monga zimakhalira m'makosi otere m'maiko ambiri, pofuna kuona mmene munthu angatsogolere anzake ali wanjala ndi watulo. Mbali ina inabwera yokha: nthawi yodyera inkachepa, ndipo munthu akatopa kwambiri chakudya sichilowa, moti iye ankasankha kugona mphindi makumi awiri m'malo mophika. Msongolo unayamba kunyerenyetsa m'sabata yachinayi, ndipo pofika sabata yachisanu ndi chimodzi ululu unali utakhazikika pamalo amodzi. Sanauze aliyense, poopa kuchotsedwa pa kosi ndi kutchedwa wofooka. Ankamwa Brufen wogula yekha m'mawa ndi madzulo mpaka anamaliza. Atabwerera kunyumba, malipiro ake ankagawidwa pakati pa banja lake, mayi ake ndi fizi ya ang'ono ake awiri, choncho ndiwo za masiku ambiri zinali masamba ndi nyemba pang'ono. Anavomeranso kuti ankamwa mowa madzulo kuti apeze tulo.

Zimene tinapeza pomuyeza

Sikelo inasonyeza makilogalamu 60.5, kutanthauza kuti anali atataya makilogalamu 9.5, pafupifupi maperesenti 14 a kulemera kwake koyamba. Mtima unkagunda ka 48 pa mphindi ali chogona, BP inali 100 pa 60, ndipo akaimirira mwadzidzidzi ankachita chizungulire. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 35.6, manja ali ozizira. M'mbali mwa milomo munali ming'alu, ndipo pachidendene chakumanja panali bala la thuza la jombo limene linali litatha mwezi wathunthu osapola. Minofu ya m'mapewa, m'ntchafu ndi m'matako inali yophwa moonekeratu. Pa mwendo wodwalawo, ululu unali pa kachigawo kakang'ono kamene chala chimodzi chikanatha kuphimba, m'mphepete mwa fupa la msongolo chakumkati, pamene gawo lapakati la fupali limakumana ndi lam'munsi. Sanathe kudumpha ndi mwendo umenewo ngakhale kamodzi. Pa mapushapu anakwanitsa 22 m'mphindi ziwiri, pamene chaka chapitacho ankafika 55.

Magazi anali ochepa, Hb ili pa 11.2, pamene mwamuna wamkulu amayenera kukhala ndi 13 kapena kuposerapo. Popeza munthu wowonda chotere kuno kwathu timayamba taganiza za matenda opatsirana, tinamuyeza malungo, HIV atavomera yekha, chifuwa chachikulu pogwiritsa ntchito makina a GeneXpert, shuga, ndiponso mkodzo ndi chimbudzi pofufuza likodzo ndi njoka za m'mimba. Zonsezi sizinapezeke. Impso zinkagwira bwino ntchito, zimene zinandipatsa mpumulo chifukwa cha mapiritsi a ululu amene anamwa kwa masabata angapo akutuluka thukuta ndi kumwa madzi ochepa, ndipo anandiuza kuti mkodzo wake sunasandukepo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chizindikiro cha kuphwanyika kwa minofu. Tinayamba kumuthandiza ngati munthu wa mng'alu wa fupa osadikira chithunzi, ndipo X-ray yachiwiri, imene tinajambula patatha masabata awiri, inaonetsa kafupa katsopano kakumera pamalo enieni a ululuwo. Mng'alu wotere, wobwera chifukwa cha kulemedwa mobwerezabwereza, m'mabuku a zachipatala umatchedwa stress fracture, ndipo kawirikawiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba.

Chimodzi chimene ndikufuna anzanga a m'zipatala achione bwino ndi BMI yake, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Inali 20, ndipo kuzungulira kwa mkono wake kunali masentimita 24.5. Malinga ndi muyezo umene timagwiritsa ntchito pofufuza akuluakulu onyentchera, munthu amayamba kuwerengedwa kuti ali ndi vuto BMI ikatsika pansi pa 18.5, choncho wodwalayu akanadutsa pa tebulo la zakudya osaimitsidwa. Muyezo umenewo ndi wabwino pa ntchito yake, koma sufunsa kuti munthuyo wachokera pati. Mnyamata wa minofu amene wachoka pa 23 kufika pa 20 wataya zambiri, ndipo pakati pa zotayikazo pali mnofu, popeza msilikali wolimbitsa thupi amakhala ndi mafuta ochepa oti thupi lidyeko. Tinagwirizana kuti matenda ake ndi mng'alu wa fupa la msongolo pamodzi ndi kuchepa kwa mphamvu yochokera ku chakudya kwa nthawi yaitali, vuto limene komiti ya masewera a Olympic inalitcha RED-S mu 2014 pofotokoza za othamanga, amuna ndi akazi omwe.

Chifukwa chake thupi linafika pamenepa

Msilikali amene ali pa maphunziro a m'tchire amatha kugwiritsa ntchito makalori 4,000 kapena kuposerapo patsiku (makalori ndi muyezo wa mphamvu yochokera ku chakudya). Chakudya chikapanda kufika pamenepo, thupi limayamba kusunga mphamvu pochepetsa ntchito zimene lingathe kuzichedwetsa. Homoni ya chithokomiro yotchedwa T3 imatsika, ndiye chifukwa chake mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo munthu amazizidwa. Homoni yachimuna ya testosterone imatsika, chilakolako cha m'banja n'kuzilala, kumanga mnofu n'kuchepa. Homoni ya IGF-1, imene imathandiza kukonza minofu ndi mafupa, imatsikanso, pamene homoni ya cortisol imakwera n'kumaphwanya mnofu kuti ubongo upeze shuga. Chitetezo cha m'thupi chimafooka, n'chifukwa chake kabala ka thuza kanakana kupola. Mahomoniwa sitinawayeze pa wodwala wathu, koma zizindikiro zake zinkagwirizana ndi zimene ofufuza anapeza pa asilikali ena.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anachitika m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 pa kosi ya Ranger ya asilikali a ku America, motsogozedwa ndi Karl Friedl. Kosiyo imatenga masabata asanu ndi atatu, ophunzira ankagona maola osakwana anayi pa usiku, ndipo chakudya chawo chinkaperewera ndi makalori pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Gulu loyamba limene analiyeza linataya pafupifupi maperesenti 16 a kulemera kwawo, testosterone inatsika kufika pafupi ndi ya mwamuna wofulidwa, ndipo IGF-1 inatsika ndi theka. Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufukuyu ndi chakuti ophunzirawo atapatsidwa chakudya chokwanira kwa masiku ochepa kosi ili mkati, mahomoniwo anakwera msanga ngakhale kuti kuguba ndi kusagona zinkapitirira. Zimenezi zikusonyeza kuti pa zopsinja zonse zimene msilikali amakumana nazo, njala ndi imene imasintha kwambiri kagwiridwe ntchito ka m'kati mwa thupi. Kusagona nakonso kuli ndi gawo lake: kafukufuku wa ku yunivesite ya Chicago wa mu 2011 anapeza kuti anyamata athanzi ogona maola asanu okha kwa sabata imodzi testosterone yawo inatsika ndi maperesenti 10 mpaka 15.

Nkhani ya fupa ili ndi nthawi yakeyake. Fupa likalemedwa kuposa mmene linazolowera, limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limatumiza timaselo tokumba kuti tichotse gawo lowonongekalo, kenako timaselo tomanga n'kudzaza malowo. Kukumba kumatha m'masabata ochepa, koma kumanga ndi kulimbitsa kumatenga miyezi itatu kapena inayi, moti pakatipo fupa limakhala lofooka kuposa mmene linalili lisanayambe kukonzedwa. Ngati munthu akupitiriza kuguba pa nthawi imeneyo, chakudya chili chochepa ndipo mahomoni omanga ali pansi, timing'aluto timalumikizana n'kukhala mng'alu weniweni. Vutoli ndi lakale pakati pa asilikali, pakuti dokotala wa asilikali a ku Prussia, Breithaupt, anafotokoza za mapazi otupa ndi owawa a asilikali oguba mu 1855. Kwa wodwala wathu, masabata atatu amene anapuma mu Novembala ndi masabata awiri a mu Epulo sanafike ngakhale theka la nthawi imene fupa limafuna, choncho analowa kosi ya mu Meyi ndi ngongole ya maulendo awiri oyambawo, kuwonjezerapo magazi amene malungo anamudyera.

Funso lotsala ndi lakuti n'chifukwa chiyani sikelo inkasonyeza kuti wachira. Yankho lake linaoneka kale mu 1944 ndi 1945 pa yunivesite ya Minnesota, pamene Ancel Keys ndi anzake anayeza amuna 36 odzipereka amene kwa masabata 24 ankadya makalori pafupifupi 1,570 patsiku, nataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Amunawo ankazizidwa, mtima unkagunda pang'onopang'ono, ankapsa mtima msanga ndipo maganizo awo onse anali pa chakudya, monga mmene mkazi wa wodwala wathu anafotokozera za mwamuna wake. Atayamba kudya, mafuta anabwerera mofulumira mpaka kupitirira mlingo wakale, pamene mnofu unatsalira m'mbuyo, ndipo njala yosatha ija inapitirira mpaka mnofu utabwerera. Asilikali a Ranger amene anayezedwanso patatha masabata asanu kosi itatha anapezekanso ndi mafuta ochuluka kuposa amene anali nawo poyamba. Choncho makilogalamu 69 amene wodwala wathu anawaona mu Novembala sanali thupi lomwe lija la makilogalamu 70 la mu Ogasiti. Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira makolo athu amene pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatengedwa kukhala amtengatenga, akusenza katundu wa asilikali kupita ku Karonga ndi kupitirira, ambiri mwa iwo n'kufera m'njira ndi njala, kutopa ndi matenda, chipolopolo chisanawakhudze n'komwe.

Thandizo limene tinapereka

Tinasiyitsa diclofenac ndi Brufen, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amabisa ululu umene ukanamuchenjeza, amavutitsa impso ndi m'mimba, ndipo pali umboni wakuti angachedwetse kupola kwa fupa. M'malo mwake tinamupatsa panado wa usiku wokha. Anayenda ndi ndodo ziwiri kwa masabata awiri mpaka pamene ankatha kuponda popanda ululu. Sitinamange pulasitala, popeza mng'alu wa m'mphepete mwa msongolo chakumkati umapola bwino munthu akangochepetsa kulemedwa. Zikanakhala zosiyana ukanakhala kutsogolo kwenikweni kwa fupalo kapena pakhosi pa fupa la ntchafu m'chiuno, malo amene mng'alu ungathe kuthyokeratu n'kufuna opaleshoni, ndipo pa chifukwa chimenechi ndinamuyezanso chiuno pa ulendo uliwonse. Ndinalemba kalata yopempha kuti apatsidwe ntchito zopepuka kwa masabata khumi ndi awiri, ndipo akuluakulu ake anavomera popanda vuto.

Pa chakudya tinayamba mosamala. Munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya mokwanira akapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imatha kutsika m'magazi mpaka kusokoneza mtima, ndipo vitamini B1 amatha msanga, makamaka kwa womwa mowa. Wodwala wathu sanali pa chiopsezo chachikulu chifukwa sanasiyiretu kudya, komabe tinamupatsa mavitamini a gulu la B, tinamupempha kusiya mowa, ndipo tinakweza chakudya pang'onopang'ono m'sabata yoyamba mpaka kufika makalori pafupifupi 3,000 patsiku. Zomanga thupi tinaziwerengera pa magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, zimene kwa iye zinali pafupifupi magalamu 100 patsiku, ogawidwa m'zakudya zisanu. Analandiranso mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu ndi albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, kamodzi.

Manambala amenewa sakanathandiza kanthu tikanapanda kukhala pansi ndi mkazi wake, amene ndiye amapita ku msika ndi kudziwa mtengo wa chinthu chilichonse. Tinagwirizana kuti m'mawa azidya phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi ufa wa soya pamodzi ndi mazira awiri, masana ndi madzulo nsima ndi usipa, nyemba kapena soya pieces, masamba otendera osasowa, ndipo pakati pa zakudyazi azidya nthochi, mbatata, mapeyala kapena mtedza wokazinga. Usipa wouma wochokera ku Nkhata Bay umapezeka mosavuta mu msika wa Mzuzu, ndipo popeza umadyedwa ndi minga yomwe, umapereka zomanga thupi ndi calcium nthawi imodzi. Tinawonjezera theka la lita ya mkaka patsiku, imene imapereka calcium pafupifupi mamiligalamu 600. Kufunika kwa mcherewu kwa asilikali kunaonetsedwa mu 2008 ndi kafukufuku wa Joan Lappe pa atsikana olowa usilikali wa pamadzi ku America, amene anapeza kuti calcium ndi vitamini D zinachepetsa ming'alu ya mafupa ndi pafupifupi maperesenti 20. Tiyi tinapempha kuti azimwa patapita ola limodzi kapena awiri atadya, chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi. Chovuta kwambiri chinali ndalama, ndipo wodwalayu anachita kulimba mtima kuuza abale ake kumudzi kuti kwa miyezi itatu atumiza zochepa. Nkhani imeneyi inamulemera kuposa ndodo zoyendera, ndipo ndinaona kuti inali mbali ya chithandizo monga mmene analili mapiritsi.

Mmene anachirira

Zinthu sizinabwerere pamodzi, ndipo dongosolo la kubwerera kwake ndilo phunziro lalikulu la lipoti lino. Bala la pachidendene linapola m'sabata yachiwiri. Pofika sabata yachinayi anasiya kugona ndi juzi, mtima unkagunda ka 58 pa mphindi, chizungulire chinatha, ndipo anandiuza mwamanyazi koma mokondwa kuti za m'banja zabwerera. Kulemera kunakwera mofulumira: makilogalamu 62.5 pa sabata yachiwiri, 66 pa yachinayi ndi 69 pa yachisanu ndi chimodzi. Pa ulendo umenewo anabwera atavala jombo, nati, "Adokotala, ndachira, mundilembere kalata ndibwerere ku ntchito zonse." Tinamupempha kuti ayambe wachita mapushapu, ndipo anafika 34. Ponyamuka ndi zala za phazi ataima ndi mwendo umodzi, wabwinowo unakwanitsa ka 20 koma wodwalawo ka 9 kokha, ndipo lamba wa thalauza anali atamasulidwa bowo limodzi kuposa kale. Ndinamuonetsa manambalawa pambali pa a sikelo, ndipo ndinakana kulemba kalatayo.

Sanakhutire. M'sabata yachisanu ndi chiwiri anadzuka m'bandakucha masiku atatu otsatizana n'kukathamanga pa msewu wa tala, mtunda wa makilomita pafupifupi asanu ndi atatu ulendo uliwonse, osauza ngakhale mkazi wake. Ululu unabwerera pamalo omwe aja, ndipo tinabwerera m'mbuyo ndi masabata awiri. Sindinamudzudzule, chifukwa mtima umene unamuthamangitsa ndi womwewo umene ntchito yake inamuphunzitsa ndi kumuyamikira nawo kwa zaka zambiri. Chimene chinathandiza ndi kumupatsa ndondomeko yolembedwa yokhala ndi masitepe omveka bwino, yofanana ndi pulogalamu ya maphunziro imene anaizolowera. Mnzanga wa mafizo anamuyambitsa pa kupalasa njinga ndi kunyamula zolemera atakhala pansi, kenako kulimbitsa akatumba, ntchafu ndi m'chiuno katatu pa sabata. Analoledwa kuyamba kuthamanga atakwanitsa kuyenda mofulumira mphindi 30 ndi kudumpha ndi mwendo umodzi ka 10 popanda ululu, ndipo anayamba ndi mphindi imodzi yothamanga ndi zinayi zoyenda, pa bwalo la udzu, tsiku lina n'kupuma. Mtunda unkawonjezeredwa pang'ono sabata iliyonse, ndipo ululu ukamveka pa fupa ankabwerera pa sitepe yam'mbuyo.

Hb inafika 13.1 pa sabata yachisanu ndi chitatu. Pa sabata ya 14 anathamanga makilomita asanu popanda ululu, ndipo pa sabata ya 16 anayamba kuyenda ndi chikwama cha makilogalamu 10, chimene tinkachiwonjezera pang'onopang'ono. Chimene chinachedwa kuposa zonse ndi tulo. Kwa miyezi itatu ankadzidzimuka pakati pa usiku ngati wamva kuitana, ndipo nthawi zina ankalota zimene anaona ku ntchito yolondera ija, zimene sanafune kundifotokozera mwatsatanetsatane. Ndinamutumiza kwa alangizi a za maganizo, ndipo pa mbali imeneyi Mzuzu ali ndi mwayi chifukwa cha ntchito ya a St John of God. Anazengereza kwa masabata awiri, koma mkazi wake atamulimbikitsa anapita, ndipo pang'onopang'ono anayamba kugona maola asanu ndi awiri popanda mowa.

Chimuonereni wodwalayu ndinasintha kaonedwe kanga ka msilikali, wapolisi kapena wothamanga aliyense wobwera ndi ululu wa mwendo. Ndimamukweza pa sikelo, ndimamufunsa kulemera kwake kwa chaka chapitacho, maulendo amene wadya dzulo, maola amene wagona, ndi masabata amene adutsa pakati pa ntchito yolemetsa yomaliza ndi ina imene anaichita asanayambe imeneyo. Ngati ndi wamkazi ndimafunsanso za kusamba, pakuti kuima kwa msambo ndi chizindikiro choyambirira cha vuto lomweli, ndipo ming'alu ya mafupa imapezeka kwambiri mwa akazi olowa kumene usilikali kuposa amuna. Maganizo anga ndi akuti kosi yolimba ili ndi malo ake pa ntchito ya usilikali, koma chakudya ndi masabata opuma pambuyo pake ziyenera kulembedwa mu pulogalamu yomweyo, ndipo munthu amene wadwala malungo kapena wataya kulemera kopitirira maperesenti 10 ayenera kuyezedwa mphamvu asanalowe kosi ina.

Ndinamuona komaliza pakati pa Disembala, mvula itayamba. Analemera makilogalamu 72, mapushapu anafika 50, ndipo miyendo yonse iwiri inkanyamuka ndi zala ka 22. Pofinya fupa la msongolo panalibe ululu, ndipo anali atayenda makilomita 12 ndi katundu wa makilogalamu 20 popanda vuto. Mafuta a pamimba anali adakalipo pang'ono, ndipo ndinamulangiza kuti asayese kuwachotsa pochepetsa chakudya, koma apitirize kunyamula zolemera. Ndinalemba kalata yomulola kubwerera ku ntchito zake zonse za tsiku ndi tsiku, ndi pempho lakuti asalowe kosi ina ya m'tchire miyezi itatu isanathe. Tinapangana kuti adzabwerenso mu Malichi kuti tidzayezenso magazi, kulemera ndi mphamvu ya mwendowo, ndipo mkazi wake anati adzabwera naye.